Layini ya ku Zambia pansi pa batire

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kwathu ku Kaseye, sabata imene foni ya amama inayamba misala. Inali foni yotachatacha, yoyamba pakhomo pathu, ndipo bwana wake weniweni ndinali ine. Palibe anandiphunzitsa, ndinkangodina chilichonse mpaka chitheke.

Vuto lake linali lodabwitsa. Kuimba inkaimba bwinobwino, nyimbo inkaliza. Koma ungoyamba kulemba uthenga, zilembo ziwiri zitatu, basi thii, yazima! Ndinkadzikayikira ndekha, chifukwa sabata yomweyo ndinali nditaikamo mobisa kiyibodi ina ya maluwa, yowala ngati ukwati. Ndinaichotsa msangamsanga, koma foni inapitirizabe kuzima.

"Iwe Lusekelo, waichita chiyani foni yanga?" anafunsa amama.

"Ine? Palibe, amama."

Anaimbira fundi wina wa mafoni ku Boma. Iye osaiona n'komwe anati, "Vayirasi imeneyo, mama. Bweretsani Loweruka tiifulashe. Koma zonse zam'katimo zipita."

Zonse! M'foni imeneyo munali mavoisi a malemu adada, amene ankatitumizira akugwira ntchito ku Mzuzu. Mu ina ankaseka mbuzi yathu yakuba chimanga, kuseka mpaka kutsokomola. Amama ankaimvetsera Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi. Ndiye tangoganizani, mawu a adada afufutike chifukwa cha timaluwa tanga!

Lachisanu masana amama anapita kukapeta nyemba, foni anaisiya pawindo. Ndinaitenga kuti ndiiyese. Ndinalemba mwapang'onopang'ono, chala chikungokhudza: sinazime. Ndinalemba mwamphamvu ngati mmene amalembera amama, amene amadina foni ngati akubzala chimanga: thii! Eee! Ndinaiyatsanso. Ulendo uno sindinatsegule kiyibodi n'komwe, ndinangofinya m'munsi mwake ndi chala chachikulu. Yazima!

Ndinatsegula chivundikiro chakumbuyo ndi chikhadabo. Batire inali itatukuka mbali imodzi, ikugwedera. Pansi pake panali kapepala kopindapinda, m'kati mwake muli layini ya ku Zambia. Amama ankagulitsa nyemba kumalire cha ku Mafinga, ndipo kumeneko aliyense amayenda ndi malayini awiri. Ukadina, batire inkapendekeka n'kusiyana ndi tizitsulo take.

Ndinachotsa kapepalako, kubwezera batire, n'kulemba dzina langa kakhumi, mwankhanza zedi. Foni ili phee, yoyaka!

Ndinathamanga ndikukuwa, nkhuku balalabalala. Amama anayang'ana kapepalako, kenako ine.

"Layiniyo ndinaika ndine," anatero. "Pamfundo ya chitenje inkanditayika."

"Inenso ndinaika kiyibodi ya maluwa, amama. Ndinakunamizani."

"Ndinaiona kalekale, wekha unkayesa ndine wakhungu?" Anaseka, napukuta manja pachitenje. "Yewo, mwana wane. Taika voisi ya mbuzi ija."

Tinakhala pamkeka pakati pa makoko a nyemba, adada akuseka ndi kutsokomola, ngakhale silinali Lamulungu.

Lero anthu amandibweretsera mafoni awo pakhonde lina ku Boma, ambiri akulowa ndi mawu akuti, "Ingoifulashani, achimwene." Ine ndimakana kaye. Ndimafunsa kuti imazima ukatani, ndimaidina, ndimaifinya, ndimaitembenuza. Sabata ija mantha anatsala pang'ono kundipangitsa kukhala chete mpaka Loweruka, osayang'ana. Ndipo ndisanakhudze chilichonse ndimafunsa funso limodzi: "Muli mawu a ndani m'menemu?"