Galu Wokalamba ndi Chitini cha Dothi

Amene anandilakwira ndi amalume anga enieni, alongo awo a mayi, omwe anandipezera ntchito ku Doha. Anandinamizira kawiri kwa madamu a panyumba imene tinkagwira ntchito, ndipo mabodza awiriwo anali otsutsana. Loyamba anati ine agalu ndimawadziwa kuyambira ndili mwana. Lachiwiri anati galu akundizunza, chipembedzo sichindilola kumukhudza. Pakati pa mabodza awiriwa panadutsa miyezi isanu ndi itatu ndi galu mmodzi wokalamba.

Ndiyambe ndanena za ine, musadzati ndinabisa. Sukulu ndinalekezera Fomu 1, nditamuswa mlomo mnzanga pa nkhani ya mpando. Kwathu ku Namwera ankandidziwa ndi mtima wapachala. Tsiku lonyamuka, mayi anandigwira dzanja pa depoti nati, "Kumeneko amalume ako akamalankhula, iwe pakamwa tseka. Undilonjeze." Ndinalonjeza, ndipo ndinasunga lonjezolo nthawi yaitali kuposa momwe mayiwo ankayembekezera.

Nyumbayo inali mu kompaundi ina ku Al Waab. Amalume anali dalaivala, ine wapanja: kuthirira maluwa, kutsuka magalimoto, kusesa fumbi limene limabwerera ukangotembenuka. Madamu anali mzungu wamtima wabwino, wabwino mpaka kutopetsa. Ankakonda kupulumutsa zinthu. Amphaka a m'mabini, nkhunda yothyoka phiko, zonse zinkathera kwathu.

Tsiku lina anabwera ndi galu. Anamutenga kwa azimayi ena opulumutsa ziweto, amene anamulanditsa pa famu ina kunja kwa mzinda, kumene agalu amawatsekera m'makola a waya kuti azingoswa ana ogulitsa. Uyu anali ataswa mpaka kutha ntchito. Madamu anati akungomusunga podikira kuti apezeke womutenga. Anali wamkazi, wa mtundu wa bokisa, nkhope yophwanyika ngati anathamangira khoma, pakamwa pali mbuu ndi imvi, mawere olendewera, mano owerengeka. Ndiye dovu. Abale, dovu! Zingwe ziwiri, uku ndi uku, akapukusa mutu zimafika pawindo.

Madamu anafunsa kanthu. Ine Chingelezi changa chinkathera pa kuvomera, ndiye zonse ankandilankhulira ndi amalume. Ndinangoona amalume abwerera m'mbuyo, akundiloza, akumwetulira. Madamu anaomba m'manja nandipatsa chingwe cha galuyo.

"Mwawauza chiyani?" ndinafunsa madamu atalowa.

"Kuti kwanu unkasaka ndi agalu."

"Ine? Amalume, pakhomo pathu panayamba pagonapo galu?"

"Halasi, yatha imeneyo. Ukufuna dovu limenelo lidonthere ine, munthu wa Swala zisanu?"

Ngati kuti ine ndinkapemphera zinayi.

Kwa ife Asilamu a kwathu, malovu a galu ndi najisi yaikulu. Akakukhudza umatsuka pamalopo kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi madzi osakaniza dothi, ndiye ungaime pa Swala. Vuto linali dothilo. Dziko lonse ndi chipululu, koma mu kompaundi yathu munalibe dothi. Paliponse matailosi, udzu wapulasitiki, ndipo la m'miphika ya maluwa linali logula, losakaniza manyowa. Ndinkakatapa pamalo ena omanga kuseri kwa mpanda, m'chitini cha mkaka, n'kumachibisa pafupi ndi mpopi wa kuseri ngati katundu wakuba.

Masabata oyamba ndinkadana naye galuyo. Sankadziwa kalikonse. Ukamusiya pabwalo lalikulu lija, iye ankangozungulira kamalo kakang'ono, kofanana ndi khola limene anakuliramo, ngati waya akadalipo. Sitepe imodzi yokha sankatha kukwera, ndinkachita kumunyamula, dovu lonse pamkono. Kuuwa sankauwa. Tsiku lina ndinakweza dzanja kuti ndikande m'mutu, iye n'kugwa chafufumimba pansi, n'kudzikodzera. Ndinaima pamenepo dzanja lili m'mwamba. Kwathu anthu ankandiopa ndipo ndinkanyadira nazo, koma kuopedwa ndi chinthu chopanda mano kunandichititsa manyazi. Kuyambira tsikulo ndinaphunzira kulankhula motsitsa mawu, zimene aphunzitsi atatu ndi ndodo zawo analephera kundiphunzitsa.

Madamu anamupatsa dzina lachizungu, koma ine ndinkangoti Ntchembere, ndipo ankatembenuka ndikatero.

Tinapangana ndondomeko. Ndikapemphera m'mamawa, ndinkatuluka n'kuyika kuseri kwa dzanja pa tala kuti ndimve ngati sanatenthe, chifukwa kuno dzuwa likangokwera msewu umawotcha mapazi a galu. Kenako timayenda pang'onopang'ono, iye akupuma ngati basi yokwera chitunda. Tikabwerako, mankhwala a m'miyendo obisa m'kanyama, iye n'kundinyambita kuthokoza, ine ku mpopi. Madzulo chimodzimodzi. Manja anga anayera mpaka kung'aluka. Sindikhulupirira kuti mu Qatar yense munali munthu wosamba kuposa ine, komabe ndine amene ankandinena kuti ndine wodetsedwa.

Lachisanu tikatuluka ku mzikiti tinkapita ku Al Mansoura, kuchipinda cha anyamata akwathu olondera, kukadya mpunga m'thireyi imodzi. Kumeneko ndi kumene amalume ankatsegulira wailesi yawo.

"Mupatseni mbale yakeyake ameneyu, ndi nesi wa galu."

"Achimwene, amakulipirani pa dovu limodzi kapena pa lita?" wina ankaonjeza.

"Anzake akabwera kuno amayendetsa magalimoto. Uyu akuyendetsa nkhalamba ya miyendo inayi. Yala, fulumira, idya, peshenti wako akudikira," amalume ankamaliza motero.

Onse kuseka. Ine ndinkangoyang'ana mpunga, ndikuwerenga chamumtima mpaka kasanu ndi kawiri, poti chiwerengero chimenecho chinali chitandilowa. Mayi akanandiona akanalira.

Madamu ankamujambula Ntchembere tsiku lililonse n'kumaika pa intaneti kuti apeze womutenga. Pazithunzizo nthawi zina pankaoneka mwendo wanga. Anthu ankabwera, n'kumusisita, n'kunena kuti ndi wokongola, kenako n'kufunsa ngati kulibe kamwana. Mwina ena mwa iwo anali ndi ana ake omwe kunyumba kwawo, ogula pamtengo wabwino. Mayi wa anawo palibe amene anamufuna. Ine sindinadandaule. Pofika mwezi wachisanu anali atasiya kuzungulira, akukwera yekha masitepe atatu, ndipo anali atauwapo kamodzi, liwu lasasa ngati chitseko chadzimbiri. Anauwa ataona amalume. Tsiku limenelo ndinamuonjezera nyama.

Nyengo yotentha itayandikira, madamu ndi amuna awo anayamba kulongedza zopita kwawo miyezi iwiri. Pangano linali loti galu atsala ndi ine. Amalume zimenezi sanakondwe nazo. Mabwana akachoka, iwo amakhala bwana: kudzuka mochedwa, galimoto kupita nayo ku Al Aziziya kukacheza. Koma galu akatsala, madamu aziimba foni ya vidiyo tsiku ndi tsiku, ndipo azimayi opulumutsa ziweto aja azibwera kudzamuona osanena. Ntchembere, wosaona bwino n'komwe, anali atasanduka kapitawo.

Ndiye m'mawa wina madamu anandipeza ku mpopi, ndikupaka matope pamkono. Anaima, nandiona ndikutsuka, ndikutsukanso, ndikutsukanso. Anaitana amalume kuti afotokoze. Amalume anagwira pachifuwa, nkhope yachisoni ngati ya pamaliro, nalankhula nthawi yaitali. Ndinangotolapo mawu awiri, lakuti chipembedzo ndi lakuti kuvutika. Madamu anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge, nandisisita paphewa.

"Akuti chiyani?"

"Akuti pepa. Galu akubwerera kwa azimayi opulumutsa ziweto aja mawa. Akakhala kumakola awo mpaka apezeke womutenga. Uthokoze, ndakumasula."

Madamu anali atapeza chinthu china chopulumutsa, ndipo chinali ine.

Makola amenewo ndinkawadziwa, tinapitako kukatenga mankhwala. Ndi aukhondo, anthu ake ndi achifundo, muli ndi makina oziziritsa. Koma ndi waya. Ndipo galu wa imvi amene palibe anamufuna ali pa udzu, ndani akamufune ali kuseri kwa waya? Ndinadziwa kuti akalowa sadzatulukanso.

Mawa lake amalume anayala pulasitiki kumbuyo kwa galimoto, naikapo bokosi lonyamulira agalu, lachitseko cha waya. Anali akuimba kanyimbo. Ine ndinatuluka naye Ntchembere pa chingwe. Atangoona chitsekocho anaima. Kenako anayamba kuzungulira, kamalo kakang'ono komwe kaja, kamene anali ataiwala kwa miyezi itatu. Anazungulira kawiri n'kudzikodzera pa matailosi.

"Yala, munyamule, ndili ndi zina zochita," anatero amalume.

Ndinamunyamuladi, koma ndinapita naye kwa madamu, amene anaima pakhomo ndi kathumba ka mankhwala ake. Amalume anathamangira kuti andilankhulire. Ndinawapatsa msana. Ndinasonkhanitsa Chingelezi chonse chimene ndinachoka nacho ku Fomu 1, ndipo sichinakwane mawu khumi. Chotsalacho ndinachita ndi manja. Ndinagwira mlomo wa Ntchembere, dovu lonse thoo m'dzanja, n'kuwaonetsa madamu. Ndinawakodola kuti anditsatire ku mpopi. Ndinatsuka akuona, ndikuwerenga mokweza, kachitatu ndi dothi la m'chitini, mpaka kasanu ndi kawiri. Ndinatambasula dzanja loyera, n'kukweza manja onse m'makutu ngati poyamba Swala, kuti aone kuti basi, zathera pomwepo, Mulungu alibe nane mlandu. Kenako ndinaloza galu, n'kuloza pansi, n'kudziloza ndekha.

Madamu anayang'ana chitini, anayang'ana manja anga ong'aluka, kenako anayang'ana amalume nthawi yaitali. Anawauza kuti atsitse bokosi m'galimoto. Madzulo ake anandigulira mafuta odzola m'manja ndi thumba la mchenga wa m'sitolo, wotsukatsuka, woseweretsa ana. Sindinawauze kuti umenewo sugwira ntchito. Ntchembere anatsala, ndipo anakhala nafe mpaka nyengo yozizira, pamene anafera pa chiguduli chake pakhomo la chipinda changa, popanda waya pafupi.

Koma tsiku la bokosi lija, madamu atangolowa, amalume ananditsatira ku mpopi. Ndinali ndikutsuka mkodzo pa matailosi ndi payipi.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa mzungu chifukwa cha galu," anatero. "Ine amene ndinakuchotsa kumudzi ukungomenya anthu. Mayi ako unawalonjeza chiyani pa depoti paja?"

Thupi lonse linatentha monga kale. Zala zinali zitadzipinda zokha. Koma Ntchembere anali atagona pamthunzi pafupi, akundiyang'ana, ndipo ndinadziwa chimene chingachitike ndikangokweza dzanja. Ndiye ndinalankhula motsitsa, liwu lomwe lija ndimamuitanira pa mankhwala.

"Amalume, dovu la galuyu ndikatsuka kasanu ndi kawiri limachoka. Zotuluka m'kamwa mwanu ndakhala ndikutsuka miyezi isanu ndi itatu, zitini zatha, sizikuchoka. Aimbireni mayi, muwauze kuti lero ndakuyankhani. Koma kamodzi kokhaka muwauze zimene munthu wanenadi, osachotsa, osaonjezera. Tsopano tasunthani, mwaponda payipi."