Ndinkagona Nditavala Nsapato

Tsiku limenelo tinkakumba mbatata ya kachewere kudimba, kwathu ku Angonia, m'dziko la Mozambiki. Ndinali mnyamata wosamera ndevu. Bambo anali atamwalira kale. Tinatsala atatu: mayi, achimwene anga a Felipe, ndi ine Zuze.

Ndinali ndi nsapato zanga zoyamba. Zinali zansalu, zoyera. A Felipe anandigulira atagulitsa mbuzi. Kudimba kunali matope, choncho ndinazisiya kunyumba, nditazikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko.

Mfuti zinalira kumudzi dzuwa lisanafike paliwombo. Kenako tinaona utsi. Mayi anataya khasu n'kukulunga mbatata zochepa m'chitenje. Kunyumba sitinabwerereko.

Izi ndikulemba ndili ku Champhira, kumene ndinadzera utenanti wa fodya n'kukhazikika. Ndikulemba m'kope la ana asukulu. Sindine munthu wa zolembalemba. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Chandilembetsa ndi phazi.

Chichokereni kwathu ndakhala ndikugona nditavala nsapato. Zaka zambiri zinali jombo za kumunda. Chaka chatha anandipeza ndi matenda a shuga, ndipo kunsi kwa phazi lamanzere kunabuka chilonda. Adokotala a ku Mzimba boma anati chilonda chifuna mpweya. Anati ndikapitiriza kuchitsekera m'jombo usana ndi usiku, phazilo adzadula. Ndinati dulani. Mwana wanga Tereza, amene amandisunga, analira pamaso pa anthu.

Adokotala ananditumiza kwa mlangizi wa za maganizo, dzina lake NyaGondwe. Ndi msinkhu wa mwana wanga womaliza. Sindinamukonde. Mankhwala sanandipatse. Anatenga kope n'kugawa tsamba panayi: chimene chachitika, ganizo limene labwera, zimene thupi lachita, ndi umboni woti ganizolo ndi loona kapena ayi.

"Adada, ndapota, musalembe zokometsera," anatero. "Ine sindine mphunzitsi, sindichonga."

"Ndinawoloka nkhondo popanda kope," ndinamuyankha.

"Mbwenu kope silingakugonjetseni."

Ntchito yoyamba inali kuvula jombo imodzi masana, kwa nthawi yongomwera tiyi. Ndisanavule ndinayenera kulemba chimene ndikuganiza kuti chichitika. Ndinalemba kuti: ndikavula abwera, ndipo wina afa chifukwa cha ine. Ndinavula. Panadutsa pikapu yopita ku Jenda. Mbuzi ya aneba inadya nyemba za Tereza. Sikunabwere munthu. Zonsezo ndinalemba.

NyaGondwe atawerenga anafunsa kuti wina ameneyo ndani. Ndinatenga kope n'kulitseka. Anati ndikalembe ulendo wonse, pang'onopang'ono, monga ndinauonera.

Nawu ulendowo.

Tinathawira kumadzulo kaye, kenako tinakhotera kumapiri a kumalire. Tchire linali litapsa. Ziputu za udzu zinali zakuthwa ngati misomali. Mapazi a mayi anali ndi chikopa cha zaka zambiri. Anga anang'ambika tsiku loyamba lomwelo. Mayi anang'amba chitenje n'kundimanga. Nsaluyo inada ndi phulusa ndi magazi.

M'mawa mwake sindinathe kuima. A Felipe anandibereka. Msana wawo unkanunkha utsi. Anati ndikulemera ngati thumba la mchere, ndipo tikafika ku Malawi andigulitsa. Mayi sanaseke.

Anthu anayamba kutipitirira. Panadutsa telala wa m'mudzi mwathu atasenza mutu wa makina osokera. Panadutsa mayi wina atakupatira tambala womangidwa mlomo ndi luzi. Palibe anatipatsa moni. Posakhalitsa tinatsala tokha m'mbuyo.

Pamtsinje a Felipe ananditsitsa m'bango. Anauza mayi kuti akhale nane, iwo akaone powolokera. Anapita akuwerama.

Ndinamva mawu a amuna. M'mipata ya bango ndinkaona miyendo yokha. Anawakhazika pansi a Felipe. Mmodzi anawavula nsapato, nazipima, nadumphadumpha pamchenga kuti aone ngati zamukwana. Anawasenzetsa thumba. Anapita nawo kumtunda kwa mtsinje.

Dzanja la mayi linali pakamwa panga. Linkakoma dothi la kudimba.

NyaGondwe anawerenga mpaka pamenepo, nabwereza. Kenako anaika chala pamzere umodzi.

"Achimwene anuwo anavala chiyani tsiku limenelo?"

"Nsapato zachikopa."

"Zinawathandiza?"

Ndinanyamuka osatsanzika. Ndinakwera minibasi. Tsiku lotsatira limene anandiuza, sindinapiteko. Mwana wobadwa dzulo sangandifunse ine zotero.

Koma gawo lachinayi la tsambalo, la umboni, linali lopanda kanthu. Ine sindisiya mzere nditapalira theka. Ndinakhala pakhonde n'kulemba.

Umboni woti ganizo langa ndi loona: ndikanakhala ndi nsapato sitikanatsalira m'mbuyo. Ndinafunafuna wina. Sindinaupeze.

Umboni wotsutsa unachuluka, ndipo unandikwiyitsa. Munthu sapita kudimba atavala nsapato zoyera. A Felipe anali ndi nsapato ndipo anawatenga. Mayi analibe ndipo anafika. Amene anatsogola sindidziwa zimene anakumana nazo, koma makina a telala uja tinawapeza ali okha pagombe. Zimenezi ndinali nditaiwala mpaka cholembera chitafika pamenepo. Pomaliza ndinalemba kuti amene anatenga a Felipe ndi munthu wa mfuti, osati msomali wa kuseri kwa chitseko.

Ndinabwerera ku boma n'kuika kope patebulo. NyaGondwe atawerenga anati, "Yewo chomene, adada." Sanawonjezere mawu. Mpamene ndinayamba kumupatsa ulemu.

Sindinganene kuti ganizo lija linafa. Limabwerabe, makamaka akawotcha tchire. Likabwera ndimalilemba, ndipo pambali pake ndimalemba yankho. Kuvula jombo tinayamba ndi masana, kenako madzulo, kenako usiku wathunthu jombo zili pafupi ndi bedi. Tsopano zimagona pakhonde.

Chimene kope silingakonze ndi cha mkazi wanga, NyaTembo. Titangokwatirana anaseka ataona ndikugona nditavala jombo. Ankayesa ndi mwambo wa kwathu.

"Kodi ku Mozambiki nsapato zimathawa mukazivula?" anandifunsa.

Patapita nthawi anasiya kuseka. Anatenga thumba la feteleza, nalichapa, naliyala kumiyendo kwa bedi kuti matope asamadetse bulangete. Thumba likatha ankayala lina. Mwana wathu woyamba ndinamutcha Felipe. Mkazi wanga anavomera osafunsa, ndipo ine sindinamuuze chifukwa chake.

Akudwala, m'nyengo yozizira, anandipempha kamodzi kokha. Anati, "A Zuze, vulani, mundifunditse mapazi. Akuzizira." Ndinamufunditsa jekete. Anamwalira mvula isanagwe.

Zimene ndauza mwana wa eni m'kachipinda ka kuchipatala, mkazi wanga sanazimve. NyaGondwe akuti nthawi imeneyo ndinalibe njira ina imene ndinkaidziwa. Ndalemba mawu akewo m'gawo la umboni. Pa nkhani iyi sindinagwirizane nawo. Iye akuti tisafulumire.

Ulendo uja sindinaumalize. Ndiumalize.

Tinakhala m'bango mpaka mithunzi itatalika. Mayi anali munthu wamfupi. Anandibereka monga anandiberekera ndili khanda, mapazi anga akukhukhuza pansi. Tinawoloka pamene madzi ankawalekeza m'chiuno. Akatopa ndinkakwawa. Tinadya mbatata ija yaiwisi.

Tsiku lotsatira tinafika pamsewu wa tala. Munthu wina wapanjinga anatiuza kuti tsidya linalo ndi Malawi. Talayo inali yotentha. Ndinaiwoloka ndi maondo.

Kutsidyako amayi ankagulitsa kabichi ndi tomato. Wailesi inkaimba pagolosale. Mmodzi wa amayiwo anatenga beseni la madzi otsukira tomato n'kuviika mapazi anga kuti nsalu imatuke. Dzina lake sindinamufunse.

Mayi anakhala pansi m'mphepete mwa msewu atayang'ana kumene tinachokera. Aliyense wotuluka m'tchire ankamuyang'ana kumapazi poyamba. Anatero mpaka anthu ogawa chakudya anabwera kudzatitenga.

Mayi anakalamba nafera kuno ku Champhira, ndipo manda awo ali pafupi ndi a NyaTembo. A Felipe alibe manda amene ndikuwadziwa. Phazi langa sanadule. Anachotsa chala chimodzi chokha.

Thumba la feteleza lomaliza limene NyaTembo anayala likadali kumiyendo kwa bedi. Tereza amafuna kulichotsa, akuti lilibenso ntchito. Ndinamuuza kuti alisiye.