Akuti Ndinathawa

Mpaka lero munthu akangonditchula kuti wothawa, magazi amandiwira. Ine sindinathawe usilikali ayi. Ndinapita kukaika mayi anga m'manda, basi.

Tinali pa maphunziro a usilikali kwathu ku Malawi, titatsala pang'ono kutsiriza. Kuguba ndinkakudziwa, mfuti ndinkaimasula n'kuimanganso, m'matope ndinakwawamo mpaka zigongono kusupuka. Ndiye kunabwera uthenga wakuti mayi atisiya. Ndinakapempha chilolezo kwa akopolo amene ankatiyang'anira, bambo wamfupi wa mawu ngati bingu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Mayi ako tsopano ndi mfuti. Bwerera pamzere."

Ine mwana wachisamba, ndimvere zimenezo? Ndinatuluka pachipata dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Ndinakaika mayi, ndinadikira mpaka tsiku lometa monga mwa mwambo. Pobwerera ku kampu anandibweza pachipata pomwepo. Akuti ndinathawa.

Kumudzi sikunakhalike. Anyamata a pa bawo ankanditcha msilikali wosapsa. Ndinasiya mkazi ndi mwana wakhanda, ndinatsika ku Joni nthawi imene tsankho linali litangotha kumene. Ndinamulonjeza mkazi wanga kuti ndikangopeza ntchito yokhazikika ndidzamuitanitsa. Ndinafikira kwa malume anga ku Yeoville, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba. Iwo anagwirapo m'migodi kalekale, ndipo akapsa mtima ankatukwana m'Chifanakalo, chiyankhulo cha m'migodimo.

Masiku amenewo azungu anali pa kalikiliki kukweza mipanda, ndipo makampani a alonda ankalemba anthu tsiku ndi tsiku. Amene anakhalapo msilikali ankamutenga poyamba, n'kumupatsa yunifomu, malipiro a pamwezi, ngakhale kumuthandiza za mapepala. Malume anamva kuti kampani ina ku Hillbrow kapitawo wake ndi Mmalawi. "Pita, mphwanga," anatero. "Wakwanu ndi wakwanu."

Ndinapita nditapolisha nsapato. Pabwalo la kampaniyo tinalipo gulu, Azambiya, Amalawi, eni dziko. Mzungu mwini kampani anafunsa ngati pali amene anagwirapo mfuti. Ndinatuluka pamzere. Anandilamula kuguba, kutembenuka, kuima njo, ndipo zonse ndinachita mwendo osaphonya. Mzungu uja anagwedeza mutu mokondwa n'kuitana kapitawo wake kuti adzandione.

Kalanga ine! Amene anatuluka mu ofesi anali akopolo omwe aja, atapuma usilikali, mimba itatsogola. Anandizindikira nthawi yomweyo.

"Uyu, bwana?" anatero m'Chingerezi. "Uyu anathawa ku maphunziro. Tayala likadzangophulika mumsewu adzakusiyirani geti lili pululu."

Ndinawayankha m'Chichewa kuti mzungu asamve. "Akopolo, inu mukudziwa kumene ndinapita."

"Wothawa ndi wothawa," anatero, n'kuloza wina pamzere.

Ha! Munthu wakwathu, womwa madzi amodzi ndi ine, kundiphera ntchito m'dziko la eni! Akanangoti sindimudziwa, bwenzi nditalowa. Ndinayesa makampani ena, koma Amalawi a ku Joni nkhani sagona nayo. Kulikonse mbiri inkayamba kufika ine ndisanafike. Kwa olemba alonda sindinali msilikali, kwa anzanga sindinali munthu wamba, chifukwa ankandiseka kuti "asajeni" ndikamadutsa. Ndinathera kuyang'anira magalimoto pafupi ndi msika wa ku Yeoville, nditavala kachovala konyezimira, kuthamangira aliyense wotsegula chitseko ngati galu. Ndi ntchito yoitanitsira mkazi imeneyo? Anadikira, anatopa, anatenga mwana n'kubwerera kwa makolo ake. Kenaka ndinangomva kuti wakwatiwa. Sindimuda. Amene ndinkamuda ndinkamudziwa.

Patapita zaka, Lamulungu lina malume anabwera kuchokera kutchalitchi nkhope ili gwa. Anandiuza kuti akopolo amwalira, anadwala pang'ono chabe. Amalawi anasonkhana, bokosi linagulidwa, galimoto yokoka kangolo inapezeka. Chinatsala n'chimodzi. Kwathu mtembo suyenda wokha, pamafunika munthu wouperekeza mpaka kumudzi, wokafotokoza kwa abale mmene zinakhalira.

Alonda amene akopolo anawalemba ntchito analipo pamsonkhanopo, ena ndi yunifomu zawo. Onse anangoti zyoli. Mzungu anali atawauza kuti amene apite asadzabwerenso. Ndiye mkulu wa mpingo anatembenukira kwa ine.

"Inu achimwene, ntchito yanu ija ilibe bwana. Bwanji mutithandize?"

Ndinaseka, koma sikunali kuseka. "Ilibe bwana chifukwa cha ndani? Funsani ali m'bokosimo!"

Malume anandigwira mkono. "Maliro n'kulirana, mphwanga. Mayi ako anaikidwa ndi anthu."

Ndinakwera galimoto ija ndikadali wokwiya. Njira yonse ya Zimbabwe ndi Tete ndinkayang'ana kumbuyo ngati kangolo kakadalipo, ndipo pa malire aliwonse ndinkatsika kukafotokoza za munthu amene anandiwonongera banja. Sindinamusiye pena paliponse.

Kumanda, m'mudzi wina wa ku Ntcheu, mwini mbumba anaimirira. "M'bale wathuyu sanabwere yekha," anatero. "Wamuperekeza msilikali mnzake. Tiwapemphe amuchitire sawatcha komaliza."

Msilikali mnzake! Mawu amene ndinawafuna zaka zonsezo ku Joni, ndikuwamvera pano, pamene sangandipatse ntchito kapena kundibwezera mkazi. Ndinaima njo pamutu pa dzenje, ndinamenya chidendene pansi, ndinachita sawatcha monga momwe iwo omwewo anandiphunzitsira. Amayi ena analira mokweza.

Kenaka ndinatsitsa dzanja.

"Pepani, akuluakulu," ndinatero. "Ine si msilikali. Asilikali atsala ku Joni, akuopa kuchotsedwa ntchito. Ine ndine wothawa, malemuwa ndiwo ananditcha choncho. Ndimathawira ku maliro."

Ndinatenga khasu kwa adzukulu n'kuyamba kukwirira nawo, ndipo sindinachoke m'mudzimo mpaka tsiku lometa.