Mpini wa Gwafa Suuma Msanga

Kwathu kuno mwamuna ndiye amasamuka. Akakwatira amadzamanga pamalo pa apongozi ake, ndipo tsiku limene zinthu zavuta amanyamula zomwe anabwera nazo n'kuuyamba ulendo. Amuna anga anabwera ndi bulangete, wailesi yosalankhula, ndi nkhwangwa yopanda mpini. Bulangete linatha, wailesi ana anaiphwasula. Chinatsala ndi nkhwangwa.

Anaigula ku Nkando tili pachibwenzi. Ine ndinawaperekeza ndi mtima woti tikukagula chitenje, koma tinakathera tsiku kwa osula zitsulo. Amuna angawa amati akanyamula nkhwangwa, aigogode ndi msomali, atchere khutu, apukuse mutu. Iyi akuti ndi chitsulo cha bedi, ikhoza kupindika pa nthochi. Iyo akuti yakula mutu, ndi ya anthu ogwetsa mitengo kuphiri. Kankhwangwa kakang'ono akuti n'kovinira. Iwo ankafuna yosulidwa ku sipuling'i ya lole, yamphamvu zogwetsa bulugamu, komanso yoti wakuba akabwera munthu n'kuitukula ndi dzanja limodzi. Miyendo itandiwawa ndinawafunsa ngati inenso anandisankha mofatsa chomwechi. Anati ayi, ine anangonditola. Ndinakwatiwa nawobe.

Mpini anakana kugula, akuti ya pamsika amaidula yaiwisi. Atalowa m'mudzi mwathu anazungulira mitengo yonse mpaka maso anagwera pa gwafa amene amayi anabzala kuseri kwa khitchini. Panali nthambi ina yokhala ndi mfundo ngati chibakera. Amayi analola monyinyirika. Anaisema, anaiumika, kenako anawotcha msuka, kumchira kosongoka kwa nkhwangwa kuja, n'kuboolera pamfundopo. Tsiku limenelo anandiphunzitsa ndisanawapemphe kuti mpini ukakhwepa sakhomamo misomali. Amauviika m'madzi, mtengo umafufuma n'kuchigwira chitsulo zolimba. Ndinangoti eya, mtima uli pa nyemba zomwe zinali pamoto.

Nkhwangwayo inkagona kuseri kwa chitseko kudikira akuba, ndipo akubawo sanabwere. Chinabwera ndi galu wachiwewe, dzuwa likuswa mtengo. Mwini nkhwangwa anadzitsekera m'chimbudzi, n'kumandilangiza ali momwemo kuti ndigwire kumapeto kwa mpini, ndisamenye ndi kukamwa kwake kuopa kubunthitsa. Galuyo ndinamuthamangitsa ndine. Madzulo ndinawamva akuuza anzawo a ku esiteti ya tiyi kuti nkhwangwa yosankhidwa bwino imagwira ntchito ngakhale m'manja mwa munthu wosadziwa.

Zinadzavuta pa Khirisimasi ina. Mchimwene wanga anabweretsa mang'ina, ndipo chikwanje chinali chitabwerekedwa. Ndinatenga nkhwangwa, n'kuika mwendo wa ng'ombe pamwala. Fupa linasweka, nayonso nkhwangwa inabenthuka. Amuna anga atabwera anaiyang'ana ngati mwana wagulula dzino, ndipo anayamba kundiwerengera: ndilibe ulemu, sindisamala za mwini, kwathu sanandilange. Pakamwa panga ine palibe mabuleki.

"Za mwini ziti? Pano munabwera ndi chiyani inu?"

Mawu amenewo sauza mkamwini. Ndinadziwa akutuluka kumene, koma mawu akatuluka sabwezeka. Amuna anga sanakalipe. Anangoti ndiitane ankhoswe Loweruka, iwo atenga chomwe anabwera nachocho azipita kwawo ku Muloza.

Ndinachita mantha, ndisaname. Munthuyu ndinkamufuna, ndi kuuma mutu kwake komwe. Koma kuti ndigwade pamudzi pa amayi anga, azilamu anga akuonerera, khosi linakana. Ndinkasesa pabwalo ndikuganiza, kutsuka mbale ndikuganiza. Tsiku lina m'mawa, iwo atapita kukadulira tiyi, ndinaona diramu la madzi a mvula kuseri kwa khitchini, ndipo phunziro lija la tsiku la nyemba linandibwerera. Ndinaiponya nkhwangwa m'diramumo. Akamaweruka inkakhala ili kuseri kwa chitseko, yopukutidwa bwinobwino. Akachoka inkabwerera m'madzi. Popeza anali atakwiya nayo, sanaikhudze sabata yonseyo.

Loweruka tinakhala pakhonde. Kumbali yanga kunali atsibweni, kumbali yawo achimwene awo aakulu omwe anabwera pa njinga. Anatilangiza mpaka malovu kuuma, koma amuna anga anati atsimikiza. Pamenepo ndinapempha kulankhula. Ndinati sindikuwaletsa, nkhwangwa ndi yawo, ndinalipo akugula. Koma mpini ndi gwafa wa amayi anga, ndipo za pano zimatsala pano. Atsibweni anavomereza kuti mwambo ndi womwewo.

Amuna anga anaitenga mwamatama. Kuchotsa nkhwangwa mumpini si ntchito: umamenyetsa mutu wa mpini pachipika, chitsulo n'kugwa chokha. Anamenya. Chitsulo chili phee. Anavula malaya n'kumenyanso, mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Achimwene awo anayesako, n'kungodzipweteka chala. Kenako amuna anga anaima, n'kusisita mpini uja ndi chala chachikulu, n'kuununkhiza. Munthu woti amamva kulira kwa sipuling'i ya lole sangalephere kuzindikira mtengo woti wamwa madzi. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kuphiri.

Atsibweni anali atatopa, ndiponso njala inali itawagwira. Anati tisataye nthawi, tiike pamoto, mpini upse, chitsulo chituluke, mwini wake apite, gwafa wina tidzabzala. Nzeru zanga zonse zinali zitathera m'diramu, za moto sindinaziganize. Mbaula inali pomwepo, makala ali psu. Ndinaona kuti munthu uyu akupitadi, ndipo wamupitikitsa ndine.

Amuna anga anaiyang'ana mbaulayo nthawi yaitali.

"Moto ayi, apongozi. Nkhwangwa ikalowa pamoto kukamwa kumafewa. Ndingapite nacho chiyani kwathu, chitsulo cha bedi? Tidikire mpiniwu uume."

"Nanga uuma liti?" anafunsa atsibweni.

"Gwafa ameneyu sauma msanga."

Atsibweni anatiyang'ana tonse awiri, n'kufunsa ngati mang'ina aja anatsalako. Mlandu unathera pomwepo. Sindinapepese ndi pakamwa, koma usipa umene ndinagula ku Chitakale sabata imeneyo ndinauthira tomato wambiri kuposa nzeru, ndipo iwo anamva.

Ana anakula, gwafa wa amayi anagwa ndi mphepo, pobenthuka paja anapanola mpaka panatha. Kukangana ndiye sitinasiye. Mwezi wathawu tinayambana chifukwa cha mbuzi imene iwo anaimanga pafupi ndi chinangwa changa, ndipo pakamwa panga panathamanganso. Anangodya, n'kutuluka. Nditatsala ndekha mantha aja anandibwerera, ukalamba wonsewu. Ndinapita kuseri kwa chitseko kuti ndiitenge nkhwangwa ndikaiviike, koma panalibe. Ndinathamangira kuseri kwa khitchini kukaona ngati njinga yawo ilipo.

Njinga inalipo. Nkhwangwa ndinaipeza m'diramu, ataiviika kale eni ake.