Belu la a Gerald ndi Tiyi Wanga

Ntchito yanga yoyamba yolandira malipiro pamwezi ndinaipeza ku Doha, ndipo anandipezera ndi a Mbewe, asuweni awo a mayi anga, amene anali atalondera pa nyumba ina yosanja ku Bin Mahmoud zaka zisanu ndi ziwiri. Kwathu ku Area 25 ndinali ndi setifiketi ya Fomu 4 ndi laisensi, koma minibasi ndinkaigwira tsiku limene dalaivala wake wadwala basi. A Mbewe atamva kuti kampani ina yopanga mafilimu ikufuna dalaivala wodziwa kuwerenga Chingerezi mokweza, anapereka dzina langa osandifunsa n'komwe.

"Nanga kuwerenga mokweza kukugwirizana bwanji ndi chiwongolero?" ndinawafunsa pafoni.

"Iwe, yalla, bwera," anatero. "Mafunso udzafunsa uli ndi ID m'thumba. Koma udziwiretu, miyezi itatu yoyamba ndi probation. Bwana akangoti khalas, basi zatha, ndege yake ndi yomweyo."

Bwanayo anali a Gerald, mkulu wa ku Mangalande wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, mlembi wa mafilimu ndi mabuku. Mbiri yawo ndinkaitola pang'onopang'ono tili m'galimoto. Anayamba ndi timasewero ta pawailesi ali mnyamata, kenako anapita ku TV, n'kulemba mabuku atatu, ndipo limodzi linasanduka filimu imene anthu a msinkhu wawo amaikumbukirabe. Kenako foni inasiya kulira. Akazi awo, a Ruth, anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo. Kampaniyo inawaitana kuti alembe filimu ya namwino wachingerezi amene anabwera kuno kalekale, anthu akadali kudalira ngale za pansi pa nyanja. Inawapatsa nyumba ku Al Markhiya, galimoto, ndi ine. Maso awo anali atafooka moti kulemba ankalemba zilembo zikuluzikulu pakompyuta, koma kuwerenga tsamba losindikiza zinkawakanika.

Tinkayamba 7 koloko m'mawa dzuwa lisanapse mtima. Pakhoma panali bolodi lofewa lobayapo makadi ndi mapini, kadi limodzi gawo limodzi la nkhani, a buluu a zochitika panyanja, achikasu a zapamtunda. Patebulo panali pensulo yofiira yodulira mawu, galasi lokulitsa zilembo, ndi wotchi ya kukhitchini. Anandiphunzitsa kuti tsamba limodzi ndi mphindi imodzi ya filimu. Zolemba zawo zinali masamba 118, pomwe kampani inkafuna 100. Ine ndinkawerenga mawu a anthu onse, namwino, dokotala, mwini ngalawa, iwo ali tsonga pampando, maso otseka.

Zonsezo ndinazimva. Chimene chinandiimitsa mutu ndi belu. Tsiku loyamba lomwelo anaika patsogolo panga kabelu kachitsulo, ngati ka pamalo olandirira alendo ku hotela.

"Ukangomva kuti mtima wako wachoka pankhaniyi, liza," anatero. "Usaganize, usandimvere chisoni. Ntchito yako yeniyeni ndi imeneyo, galimoto ndi yongowonjezera."

Ndinavomera, koma m'mutu munali chipwirikiti. Ine, mwana wa dzana, kulizira belu munthu woposa bambo anga? Munthu woti dzina lake linatuluka pa TV? Lachisanu, tsiku lopuma, ndinawafotokozera a Mbewe tikumwa karak, tiyi wamkaka wa kuno uja, pa kalesitilanti kawo ka ku Bin Mahmoud.

"Ndi trap imeneyo, mphwanga," anatero akugwedeza mutu. "Akufuna kukutesta ngati uli ndi respect. Belu ndi loitanira ma-waiter. Ukangoliza, wadzi-cancel-a wekha visa. Iwe uzingoti very nice, sir."

Ndiye ndinkangoti very nice. Masabata asanu ndi limodzi belu silinalire. Sikuti nkhaniyo inali yoipa, ayi. Panali malo amene ndinkaiwala kuti ndikuwerenga. Koma panalinso malo amene pakamwa pankayenda pokha, ine maganizo ali ku Area 25. Ndikafika malo oterewo ndinkatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Bwana, ndikupangireni tiyi?" Ndinkapita kukhitchini, n'kubwera ndi makapu awiri. Popeza mphepo ya makina oziziritsa m'nyumba inkauluza mapepala, kapu yanga ndinkaitsindikiza patsamba limene taimira. Iwo ankamwa, kuthokoza, ndipo ankaliyang'ana belu lija ngati munthu amene akudikira basi yochedwa. Ine ndinkadziona ngati ndadutsa mayeso.

Tsiku lovuta linali Lachiwiri, ku ofesi ya kampani ku Al Mirqab. Kampani inaitana ochita masewero kuti akhale mozungulira tebulo n'kuwerenga filimu yonse pamaso pa a Noora, mayi amene ankayendetsa kampaniyo. Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Poyamba anthu ankaseka pofunika kuseka. Pofika tsamba 30 ndinaona mutu woyamba ukuwerama kuyang'ana foni pansi pa tebulo. Kenako wachiwiri. Chimene chinandiopsa n'chakuti mitu inkawerama malo omwe aja ine ndinkanyamuka kukapanga tiyi. A Gerald sankaona bwino, koma makutu awo anali akuthwa, ankamva mipando ikukwekwesa.

Atamaliza, a Noora analankhula mofatsa. "Timakulemekezani kwambiri. Koma nkhaniyi pakati yagona. Lamlungu tione ina ya masamba 100. Zikakanika tiitana mlembi wina."

Ndinachita masamu mumtima. A Gerald akapita, kampani sifunanso dalaivala wowerenga mokweza. Pa miyezi yanga itatu panali patatsala masabata ochepa, ndipo mayi kumudzi anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo ali ku Qatar.

Ndinawabweza a Gerald ku Al Markhiya. Titalowa m'nyumba sanavule n'jekete lomwe.

"Masabata asanu ndi limodzi, belu silinalire," anatero. "Kaya Chingerezi sumachimva, kaya ndiwe wabodza. Ndiuze kuti n'chiti, chifukwa onse awiriwo sindikuwafuna. Ndiimbira ku ofesi anditumizire wina."

Ndinagwira njakata. Ndakhala ndikupewa mwano kuti ndisachotsedwe ntchito, lero akundichotsa chifukwa chosachita mwano. Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuwaimbira a Mbewe kuti abwere adzayankhe okha.

"Bwana, sindinakunamizeni," ndinatero. "Ndinkakuuzani."

"Liti?"

"Nthawi zonse zimene ndinkapanga tiyi. Kwathu mlaliki akatalikitsa sitimuuza kuti watalikitsa. Amayi amangoyambitsa nyimbo, iye amadziwa yekha."

Kenako anati ndibweretse mapepala anga owerengera. Tinawayala pansi, kuyambira pakhomo la khitchini mpaka pawindo, ndipo iwo anagwada ndi galasi lawo lija. Zizindikiro za kapu zinkaoneka bwinobwino, zozungulira, zofiirira. Tsamba 31 linali nazo zinayi zosanjikizana. Anayamba kuseka, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine ndinkaganiza kuti ndapeza munthu wokonda tiyi kuposa Angerezi!" anatero.

Tinagwira ntchito masana onsewo. Paliponse pamene panali chizindikiro, ine ndinkawerenga, iwo ankadula ndi pensulo yofiira, kenako ndinkachotsa kadi lake pabolodi n'kusendeza otsalawo. Ena anawadula onse, ena anangowachepetsa. Pofika 4 koloko tinawerengera, anatsala masamba 106. Zizindikiro zinali zitatha.

"Asanu ndi limodzi atsala," anatero. "Ali kuti?"

Ndinkadziwa kumene anali. Kuyambira tsamba 71 mpaka 76, ngalawa itasowa panyanja, namwino ndi dokotala amakwera padenga n'kuyamba kukamba za mvula ya kwawo, fungo lake, mmene imamvekera pawindo. Masamba amenewo analibe chizindikiro ngakhale chimodzi, anali oyera kuposa ena onse. Chifukwa chake n'chakuti nthawi iliyonse ndikawawerenga, misozi inkatsika pamasaya a a Gerald. Tsiku lina ali m'galimoto anandiuza kuti mawu a namwinoyo ndi amene a Ruth anayankhula ali kuchipatala sabata yawo yomaliza. Munthu akulira mkazi wake, iwe unganyamuke kukawiritsa madzi?

"Sindikudziwa, bwana," ndinanama, ndipo ulendo uno linali bodza lenileni.

Anadzuka, anapita kukhitchini, anazula ketulo kumagetsi n'kukaitsekera kuchipinda kwawo. Atabwerako anakankhira belu pafupi ndi dzanja langa.

"Yambira tsamba 60. Lero kulibe nyimbo."

Ndinawerenga. Ngalawa inanyamuka, mphepo inauka, akazi anasonkhana pagombe. Tsamba 70 linatha. Ndinayamba 71, namwino anakwera padenga. Ndinawayang'ana, maso anali otseka, milomo ikuyenda limodzi ndi mawu anga, chifukwa ankawadziwa pamtima. Ndinamva mawu a a Mbewe m'khutu limodzi, mawu a a Noora m'khutu linalo. Sindikudziwa kuti ndinasankha liti. Ndinangoona chikhatho changa chatsika.

Ngii! Kabelu kakang'ono, koma kanamveka nyumba yonse.

Sanatsegule maso. Anangofunsa kuti, "Kuyambira pati?"

"Mzere woyamba, bwana."

"Onse?"

"Mawuwo ndi okoma, okoma kuposa ena onse. Koma ngalawa yasowa, ife tikufuna kudziwa ngati anthu aja abwerako. Ndiye awiriwa akukamba za mvula."

Pensulo yofiira sanaigwire. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa masamba asanu ndi limodzi aja, anawapinda kanayi n'kuwaika m'thumba la malaya. Kenako anati ndiweruke. Sananene kuti tionana mawa, sananenenso kuti tisaonane.

Nditawaimbira a Mbewe anangoti, "Wallah, mwana iwe! Walizadi? Yamba ku-pack-a zikwama." Sindinawatsutse. Ndinkadziona ngati munthu amene waseka pamaliro.

M'mawa mwake ndinapitabe, poti panalibe amene anandiletsa. Ndinawapeza ali kukhitchini, ketulo yabwerera pamalo pake, akuthira okha madzi m'makapu awiri.

"Kuyambira lero tiyi ndizipanga ndine," anatero. "Iwe khala apo ndi belu."

Masiku anayi otsalawo ndinaliza kasanu ndi kawiri. Kawiri anandikanira, anati pamenepo ndasokonezeka ndine, ndipo atandifotokozera ndinaona kuti akunena zoona. Lamlungu a Noora anamvetsera masamba 100 onse, foni yawo itavundikiridwa patebulo. Miyezi yanga itatu inakwana, palibe amene anati khalas. Kukampani komweko ndikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo pano kuyendetsa galimoto ndi kwa apo ndi apo. Nthawi zambiri amandipatsa zolemba za alembi atsopano kuti ndiwerenge mokweza ndi wotchi pambali.

A Gerald anabwerera kwawo miyezi iwiri pambuyo pake. Ndinawaperekeza kubwalo la ndege, ndipo nditatsitsa masutikesi anandipatsa kaphukusi. Munali belu lija. Ndinakana, ndinati adzalifuna kumene akupitako.

"Litembenuze," anatero.

Kunsi kwake kunali chilembo R, chokanda ndi mpeni kapena msomali, chakale ndithu.

"Linali la Ruth. Zaka makumi anayi ankakhala pampando ngati wako uja. Ankaliza ngakhale ndili pakati pa chiganizo, nthawi zina kawiri patsamba limodzi. Chimwalirireni, aliyense amangonditi very nice." Anagwira thumba la malaya, mapepala aja anamveka m'kati. "Masamba awa akanaliza asanamalize mzere woyamba, ngakhale mawuwo ndi ake."

Masabata asanu ndi limodzi aja ndinkaganiza kuti mkuluyu akuliyang'ana belu pofuna kundikola, pomwe ankangodikira kumvanso phokoso la m'nyumba mwake.

A Mbewe mpaka pano amati ndinangochita mwayi, ndipo sindiwatsutsa kwenikweni, chifukwa alipo mabwana ena kuno oti ukawalizira belu ugona pandege. Inenso sindinganame kuti zinandilowa zonse. Mlembi akakhala wamkulu kuposa ine, mwendo umayambabe wokha kuloza kukhitchini. Koma zoti wakutsina khutu ndi mnansi ndinkaziloweza ku pulayimale pofuna kukhoza mayeso, ndipo ndinadzazimvetsa ku Al Markhiya, kwa mzungu wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa. Belu lili patebulo panga. Mlembi aliyense watsopano ndimayamba ndamuonetsa chilembo chakunsi chija, ndimamuuza mwini wake, kenako ndimamufunsa ngati akufuna belu kapena tiyi.