Usipa wa ku Chembe pa Makina a ku Mangochi

Loweruka, 6 koloko isanakwane, ndinali nditakhala kale m'matola pa Chembe, mtima ukungodumpha. Kanali koyamba kupita ku Mangochi boma ndisakudwala. Azakhali anga, Abiti Saidi, ananditenga kuti ndizikawawerengera za pafoni. Gulu lawo la amayi asanu ndi mmodzi linapeza mwayi wogulitsa usipa wouma kudepoti ina kumene katundu amalandiridwa ndi makina. Thumba lililonse linayezedwa kumudzi n'kumatidwa kapepala ka timizeremizere. Foni ikakaona, imatchula mwini thumba. Lole ya ku Blantyre inkanyamuka 12 koloko, ndipo anatiuza kuti gulu lolephera ulendo woyamba, malo ake amapatsa ena.

Tinalipira K3,000 aliyense, matumba padera. M'mapiri muja anyani anali ndandanda m'mbali mwa msewu.

"Abiti, abale anu abwera kudzakuperekezani," anatero bambo wina wonyamula nkhuku.

"Ndevuzo ndi zakwanu, apatseni moni," anayankha azakhali. Ine ndinasekera m'mpango.

Pamphambano ya ku Monkey Bay kunkawaza. Azakhali anandituma chinangwa chokazinga, iwo n'kutsala akupakiritsa matumba m'minibasi ya K6,000. Titadutsa pa Makawa anamasula mfundo ya chitenje n'kundionetsa, nkhope ili ngwee. Timapepala tonse tisanu ndi kamodzi tinali m'menemo, topindidwa bwino pamodzi ndi chiphaso chawo.

"Ndamatula pamatumba paja. Pepala lofunika silikhala pamvula, mwanawe."

Ndinasiya kutafuna chinangwa. Ndimaopa kutsutsa akuluakulu, koma ndinanong'ona: "Nanga tikadziwa bwanji kuti aka n'ka thumba liti, azakhali?"

Mpaka pa Namiasi azakhali ankangoyang'ana pawindo, milomo ikuyenda.

Tinafika kudepoti, chakwa Mponda, 11 koloko itatsala pang'ono. Abale, zimene ndinaona! Lamba wamkulu ankayenda yekha, atasenza makatoni a chambo cha mu ayezi. Sikelo inkalavula kapepala popanda woilembera. Pakhoma panali kanema woonetsa mapu, kadontho kakukwawa pamsewu wochokera ku Liwonde. Kadonthoko kanali lole yathu. Ndinaiwala mantha, n'kungoima kukamwa kuli yasa.

Wolandira katundu, mayi wachitsikana dzina lake Alima, atamva nkhani yathu anagwira m'chiuno.

"Mama, makinawa sadziwa thumba, amadziwa kapepala. Mukamata polakwika, sikelo iona kuti kulemera kwasiyana ndi kwa kumudzi. Nyali yake ikayaka yofiira, thumba lidikira oyendera Lolemba, lole n'kupita."

"Iwo sadziwa, ine ndikudziwa," anatero azakhali, akumanga chitenje molimba. "Mariamu, uzinditchulira mayina."

Ndinaloza foni pa kapepala koyamba. "Abiti Juma," ndinatero, koma injini ya lamba inameza mawu anga.

"Kweza mawu, iwe! Sitili pamaliro!"

"Abiti Juma!" Madalaivala onse amene anali m'depotimo anacheuka. Nkhope yanga inatentha.

Azakhali anazungulira matumba n'kumenya limodzi. "Ili. Mfundo ya ukonde iyi, amuna awo ndi asodzi." Tinamata, tinakweza pasikelo. Pii! Yobiriwira. La Mayi Rosa, amene makolo awo anachokera ku Mozambique, linali losokedwa ndi singano m'malo momanga. Pii! La Abiti Ali mfundo yake inapendekera kumanzere, poti ndi amanzere. Lawo azakhali sanaliyang'ane n'komwe kawiri. Madalaivala aja anasonkhana, n'kumakuwa "Chigoli!" nyali ikayaka.

Anatsala awiri, a akazi apachibale amene anaphunzitsidwa kumanga ndi mayi mmodzi. Mfundo zofanana, msinkhu wofanana. Apo n'kuti lole ikulowa pageti chobwerera m'mbuyo.

"Apa ndiye pavuta, mama," anatero Alima.

Azakhali anamasula pang'ono thumba lina, anatapa usipa utatu n'kuuyang'ana padzanja. Umodzi anauthyola, n'kununkhiza. "Wowongoka chonchi ndi wa wamkulu. Wamng'ono amachedwa kutembenuza, wake umapindika. Bisimilahi, mata."

Alima anandipatsa kamakina kake kowerengera timapepala kuti ndiloze ndekha. Ndinaloza kapepalako. Pii! Yobiriwira. Lomaliza nalonso chimodzimodzi. Azakhali anaimba nthungululu m'depoti ya eni, ine n'kudumpha kawiri ndisanakumbuke kuti anthu akundiona.

Tinadya mpunga wa nyemba pafupi ndi mlatho, kenako tinakwera minibasi ya 2 koloko. Ndaphunzira kuti makina aja amakumbukira zimene auzidwa basi, pomwe azakhali amadziwa manja a anzawo. Tikudutsa pa Nkope foni inalira, ndipo ndinawawerengera mokweza kuti matumba onse asanu ndi limodzi afika ku Blantyre.

"Alihamudulilahi," anatero. Kenako anandiyandikira. "Za kumatula zija, kumudzi usakanene."