Chipepeso cha Goloboyi Wathu

Timu yathu ya mpira inayamba ngati macheza. Loweruka lililonse m'nyengo yotentha tinkakumana pa paki ina ku Scarborough, kuno ku Toronto, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ena mimba kutsogolo, ena maondo atatha kalekale, n'kumathamangitsana mpaka wefuwefu. Aliyense ankaponya kangachepe m'thumba la timu kuti tigulire mipira ndi madzi. Koma thumbalo linalinso ndi ntchito ina imene sitinakhalepo pansi n'kuikambirana. Wina akaferedwa kumudzi, tinkatapamo chipepeso, n'kulemba dzina la timu pa envelopu. Panalibe wofunsa chifukwa, maliro n'kulirana.

Vuto linabwera ndi chisanu. Kuno sinowo ikagwa mpira umalowa m'nyumba, ndipo kuti tipeze jimu, holo ya masewero ya pa sukulu, pa mtengo wabwino anatiuza kuti akufuna gulu lolembetsedwa, la inshuwalansi, osati khamu la azibambo obwera ndi nsapato m'majumbo. Ndiye tinalembetsa timu ngati bungwe losafuna phindu. Ine anandiika ulembi, eti chifukwa ndili ndi pakamwa. Usungichuma tinapatsa achemwali ena a ku Zomba amene amagwira ntchito ya maakaunti ku Markham, amuna awo ankatisewerera pakati. Achemwaliwo anafotokoza kuti bungwe lotere sililipira msonkho pa ndalama zake, bola ndalamazo zizigwira ntchito ya timu yokha, osalowa m'thumba la membala aliyense. Tonse tinaomba m'manja. Kunena zoona, tinangomva za msonkhozo basi, zinazo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Chisanu chomwecho, mayi a goloboyi wathu anamwalira kumudzi. Goloboyiyu anali bambo wa ku Chipata, wamkulu kwa tonsefe, wogwira ntchito pa famase ku Brampton. Tinkangowatchula kuti madala. Analibe mkazi kapena mwana kuno, ndipo pa maliro a wina aliyense ndiwo ankayendetsa galimoto kukasiya envelopu, ngakhale msewu uterere bwanji.

Nditangomva uthenga ndinaimbira achemwali aja kuti atape chipepeso monga mwa masiku onse.

"Achimwene, sizitheka," anatero. "Thumba lija tsopano ndi akaunti ya bungwe. Madala ndi membala."

Ndinakweza mawu. "Aaa! Inu! Munthu waferedwa mayi, inu mukundiuza za membala? Lamulo lanulo linaikapo maliro?"

"Tikatapa lero, mawa akatifunsa tiyankha chiyani? Tikataya kulembetsa kuja jimu yapita. Ana athu ayamba kubwera aja azisewera kuti, pa sinowo?"

Ndinadula foni ndisanatsanzike. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ankanena zoona, ndipo ine ndemwe ndinasaina mapepala aja ndikumwetulira ngati ndawina lotale.

Lamulungu masana tinasonkhana ku fulati ya madala kukakhala nawo, nsapato zitaunjikana pakhomo. Azimayi anaimba nyimbo za maliro motsitsa mawu, kuopa aneba. Ine ndinali ndidakatupa, ndipo mwa kupusa kwa mtima wapachala ndinawanong'oneza madala kuti nkhani ya thumba yavuta. Ndinkaganiza kuti akudera nkhawa za ulendo. Anapukusa mutu.

"Tikiti nagula kale, mwana wanga," anatero m'Chinyanja chawo chija. "Ine nifuna chabe kuti kumanda akamve kuti kuno nili na anthu. Abale anga amakamba ati nikhala nekha monga kadzidzi."

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Kwathu ndi kwawo n'chimodzimodzi: mwambo wa maliro usanathe, munthu amaimirira n'kulengeza amene apepesa, a mpingo, a kuntchito, a kuchikamwini, mudzi wonse uli tcheru. Mwana amene anapita kutali, ngati sipamveka gulu lililonse la kumene akukhala, anthu amangoyang'anana, sanena kanthu. Madala anaperekeza maenvelopu a anzawo zaka zonsezi, tsiku lawo litafika dzina la timu linali litasanduka la boma.

Ndinapita kukhitchini kumene achemwali aja ankatsuka makapu. Maso awo anali ofiira, ndipo mkwiyo wanga unangoti zii. Ndinawauza zimene madala ananena. Anapukuta manja, natsegula kachikwama kawo.

"Akaunti ndi yotseka, achimwene, koma matumba athu sanalembetsedwe," anatero. "Yendetsani chipewa. Koma dzina la timu musalembe, zingaoneke ngati zachokera ku bungwe."

Apanso tinakanganako, motsitsa mawu, mpopi ukutuluka madzi. Ine ndimati dzina ndi lathu, tinalipeka tokha pa paki. Iwo amati tinalipereka tokha pamene tinkafuna jimu, ndipo sungadye nyama n'kukana fupa lake. Mpaka lero sindinagwirizane nazo ndi mtima wonse. Lamulolo analiika kuti wina asadye ndalama za gulu, ndipo n'labwino ndithu. Koma amene analilemba sankadziwa kuti kwa ife gulu limene silipepesa si gulu, ndi anthu ongogawana mpira.

Chipewa chinayenda, aliyense anaponya zake. Pa envelopu ndinalemba kuti "Anzake a mpira a ku Toronto," cholembera chikundilemera. Ndinkaona ngati tawapatsa madala chinthu chopanda mutu, chimene wolengeza angachidumphe osachiona.

Madala anabwerako sinowo itayamba kusungunuka. Ndinawapeza mu jimu atakhala pa benchi, akumanga magolovesi, ataonda pang'ono. Ndinakhala pambali pawo, n'kufunsa za ulendo, za mvula, za chimanga, kuzungulirazungulira. Kenako ndinalimba mtima.

"Madala, envelopu ija anaiwerenga?"

"Anawerenga," anatero, maso ali pa magolovesi. "Kawiri, chifukwa akumbuyo sanamve bwino Toronto. Amalume anga, aja sanakambe na ine kuchokera pamene n'nafika, anabwera kunigwira pa mkono. Ati, 'Kansi uli na anthu kumene kuja.'"

Anayang'ana kumbali.

"Pa bokosi la amayi n'nalimba, mwana wanga. N'nalira pamene paja."